Ndinapezeka wolakwa poyendetsa galimoto nditamwa ku England: kodi ndiulule pofunsira ntchito?

Funso: Ndimakhala ku Leicester, kwathu ndi ku Malawi. Mu 2023 apolisi anandiimitsa usiku ndikuchokera ku phwando, ndipo nditapumira m'kachipangizo kawo kaja anati ndapyola muyeso. Ku khoti la majisitireti ndinavomera mlandu. Anandilipiritsa chindapusa n'kundiletsa kuyendetsa miyezi 16, koma nditachita kosi ya madalaivala opezeka ndi mlandu wa mowa inatsika kufika pa 12. Sindinapite kundende ndipo palibe amene anavulala. Laisensi ndinaitenganso. Panopa ndikugwira ntchito yonyamula katundu, koma ndikufunsira ntchito ziwiri: yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndi yoyendetsa vani yoperekera katundu. Anzanga akuti popeza chindapusa ndinalipira ndipo chiletso chinatha, pa funso la pa fomu lofunsa ngati ndili ndi mlandu ndizingochonga "No". Ena akuti ndikaulula palibe angandilembe. Nditani?

Bambo, pa mafomu awiri amenewa musachonge "No". Anzanu amene akuti nkhaniyi inatha tsiku limene munalipira chindapusa akukufunirani zabwino, koma masiku akuwawerenga molakwika. Enawo amene akuti mukaulula ndiye kuti ntchito yakuthawani mpaka kalekale nawonso sakunena zoona. Anthu okhala ndi mlandu ngati wanuwu amalembedwa ntchito ku England, ngakhale yosamalira okalamba imene. Amene amalira kwambiri ndi aja anabisa, mlandu n'kudzatulukira wokha pa satifiketi ya DBS, ofesi ya boma yofufuza mbiri ya milandu ya ofunsira ntchito, iwo atayamba kale ntchito.

Ndikudziwa kumene maganizo a anzanuwo akuchokera. Kwathu wapolisi wa pamsewu akakupeza ndi cholakwa, nthawi zambiri umalipira, akupatsa risiti, iwe n'kupitiriza ulendo, ndipo palibe bwana amene adzakufunse za tsikulo. Ndiye munthu akafika kuno n'kumva kuti chilango chake ndi chindapusa, amaona ngati ndi zomwe zija. Si choncho. Inu munakaima pamaso pa majisitireti n'kuvomera mlandu wa pansi pa gawo 5 la Road Traffic Act 1988, lamulo loletsa kuyendetsa mowa utapyola muyeso. Muyesowo ku England ndi Wales ndi mamayikrogalamu 35 mu mamililita 100 a mpweya, kapena mamiligalamu 80 mu mamililita 100 a magazi. Chilango cha mlandu umenewu chimatha kufika miyezi 6 ya kundende, n'chifukwa chake umalembedwa m'kaundula wa apolisi wa dziko lonse, Police National Computer, momwe mumalembedwa milandu ina yaupandu. Kundende simunapiteko, koma dzina lanu lilimo.

Lamulo lokutetezani lilipo, ndi Rehabilitation of Offenders Act 1974. Limati pakapita nthawi yoikika mlandu umakhala "spent", ndiye kuti watha mphamvu, ndipo pa ntchito zambiri mukhoza kuyankha ngati sunachitike n'komwe. Bwana saloledwa kukukanizani ntchito kapena kukuchotsani chifukwa cha mlandu wotere, ngakhale kuti kupeza umboni woti anachitadi zimenezo kumavuta. Chimene chimasokoneza anthu ndi kawerengedwe ka nthawiyo, chifukwa khoti linakupatsani zilango zitatu pamodzi pamene inu mukukumbukira ziwiri. Chindapusa chimatha mphamvu pakapita chaka chimodzi kuchokera tsiku limene munapezeka wolakwa. Chiletso choyendetsa chimatha mphamvu tsiku limene chathera. Anzanu analekera pomwepo kuwerenga. Chachitatu ndi chizindikiro chimene chinalembedwa pa mbiri ya laisensi yanu ku DVLA, ofesi ya boma yoona za malaisensi oyendetsera galimoto, chimene pa mlandu ngati wanuwu chimakhala DR10, ndipo kwa munthu wa zaka 18 kapena kuposa chimatenga zaka 5 kuti chithe mphamvu. Lamulo limatsata chilango chotalika kwambiri, choncho mlandu wonse umayembekezera zaka 5 zimenezo. Pa 28 Okutobala 2023 boma linafupikitsa nthawi za zilango zingapo, makamaka za kundende, koma zaka 5 za chizindikiro cha pa laisensi silinazikhudze.

Mwezi simunautchule, ndiye tingoyerekeza kuti munavomera mlandu mu Juni 2023. Ukhala ndi mphamvu mpaka Juni 2028. Muwerenge kuchokera tsiku la ku khoti, osati usiku umene apolisi anakuimitsani. Kosi ija inakuchotserani miyezi 4 pa chiletso, chifukwa imatha kuchotsa mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi, koma pa zaka 5 izi sinachotsepo ngakhale tsiku limodzi.

Tiyambe ndi ntchito wamba, ngati imene mukugwira panopa, ya m'sitolo, ya m'fakitale kapena ya mu ofesi. Apa chachikulu ndi kuwerenga funso monga mmene lalembedwera. Ngati sanakufunseni za milandu, palibe lamulo lokukakamizani kudziulula nokha. Pa CV musalembepo, ndipo m'kalata yofunsira ntchito musayambe ndi nkhani imeneyi. Makampani ena analowa mu kampeni ya Ban the Box, imene bungwe la Business in the Community linayambitsa mu 2013, ndipo anachotsa funso la milandu pa fomu yoyamba kuti ayambe aona luso la munthu. Amadzafunsa pambuyo pake. Akafunsa, nthawi zambiri funso limakhala loti kodi muli ndi mlandu umene sunathe mphamvu. Mpaka 2028 yankho lanu ndi "Yes". Bwana aliyense akhoza kupempha basic DBS, inu mutavomera, ndipo imeneyo imaonetsa milandu yonse imene sinathe mphamvu, wanuwu uli pomwepo. Onaninso kontrakiti ya kumene muli panopa, chifukwa ena amalembamo kuti wantchito aziwauza akapezeka wolakwa ku khoti.

Ntchito ya vani ili ndi chipata china. Kampani idzafuna nambala yapadera (check code) yoonera laisensi yanu, imene mumaitenga pa webusaiti ya boma ya GOV.UK ndipo imagwira ntchito masiku 21. DR10 imakhala pa mbiri ya ku DVLA zaka 11, koma olemba ntchito ndi a inshuwalansi amatha kuiona pa zaka 5 zoyambirira. Ndiye ngakhale fomu isafunse za milandu, DR10 adzaiona ndi maso awo. Funso loti kodi laisensi yanu ndi "clean" musaliyankhe kuti inde chifukwa choti munaitenganso, sizili choncho. Ndikuuzeni mosabisa kuti pa ntchito ziwirizi iyi ndiyo yovuta kuipeza panopa, ndipo chifukwa chake nthawi zambiri si mtima wa bwana koma inshuwalansi ya magalimoto a kampani. A inshuwalansi amafunsa za milandu ya pamsewu ya zaka 5 zapitazo, ndipo dalaivala wa DR10 amamukana kapena kukweza mtengo kwambiri. Musanataye nthawi ndi fomu yaitali, imbani foni mufunse kuti inshuwalansi yawo imalandira munthu wa DR10 ya 2023 kapena ayi. Simukuyenera kutchula dzina lanu pofunsa zimenezo. Ngati munali ndi maganizo a taxi, dziwani kuti malangizo amene boma linapereka ku makhonsolo mu 2020 amati munthu wa mlandu woyendetsa atamwa asapatsidwe laisensi ya taxi mpaka patapita zaka 7 chilango kapena chiletso chitatha.

Tsopano ntchito yosamalira okalamba, imene ndikuona kuti ndiyo muli nayo mwayi weniweni, komanso ndiyo imene bodza lingakupwetekeni kwambiri.

Ntchito zokhudza ana ndi akuluakulu osatha kudziteteza zinapatulidwa pa chitetezo cha lamulo la 1974 lija kudzera mu Exceptions Order ya 1975. Pa ntchito zimenezi bwana ali ndi ufulu wofunsa ngakhale za milandu imene inatha mphamvu, ndipo amapempha enhanced DBS, imene imafufuza mozama kuposa basic, pamodzi ndi kufufuza ngati dzina lanu lili pa mndandanda wa anthu oletsedwa kugwira ntchito ndi akuluakulu. Pa satifiketi ya standard kapena enhanced, mlandu wa munthu wamkulu umasefedwa, kusiya kuoneka, pakapita zaka 11 kuchokera tsiku limene anapezeka wolakwa, malinga ngati sanagamulidwe kundende ndipo mlanduwo suli pa mndandanda wa milandu yoopsa imene sichotsedwa. Kuyendetsa utapyola muyeso, popanda imfa, sikuli pa mndandandawo. Inu munapatsidwa chindapusa, choncho wanu udzasefedwa mu 2034. Kwa ena amene akuwerenga: ngati khoti linakugamulani kundende koma n'kuimitsa chilangocho kuti mukhale panja, chimawerengedwabe ngati cha kundende, ndipo mlandu wotere susefedwa. Mafomu a ntchito zimenezi amakonda kufunsa za milandu imene si "protected". Mawu amenewo akunena milandu yosefedwa ija. Wanu sunafike pamenepo, ndiye muutchule, ngakhale 2028 itadutsa.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti DR10 simuika munthu pa mndandanda wa oletsedwa. Palibe lamulo loti munthu amene anayendetsa atamwa asasamalire okalamba. Bungwe loyang'anira ntchito zimenezi ku England, Care Quality Commission, limafuna kuti wolemba ntchito atsimikize kuti munthuyo ndi wa khalidwe labwino ndipo akhale ndi satifiketi ya DBS. Pakapezeka mlandu, manijala amayenera kuunika chiopsezo n'kulemba zifukwa zake zolembera kapena zokanira munthuyo. Amayang'ana kuti mlanduwo ndi wamtundu wanji, unachitika liti, unachitika kangati, ukukhudzana bwanji ndi ntchitoyo, ndiponso munthuyo anaunena yekha kapena ayi. Malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka DBS amafunanso kuti mabungwe opempha masatifiketi amenewa akhale ndi ndondomeko yolembedwa ya mmene amalembera anthu amene anapalamulapo, ndipo mukhoza kupempha kuti muione.

Taganizirani mmene zimayendera munthu akachonga "No". Wapambana intavyu. Popeza antchito ndi osowa, kampani imapempha kafukufuku wachangu wotchedwa Adult First, amene amangoona ngati dzina lili pa mndandanda wa oletsedwa, ndipo munthu amayamba ntchito moyang'aniridwa. Wayamba kuzolowerana ndi agogo amene akuwasamalira, wauza abale kumudzi kuti zinthu zayenda. Patapita masabata angapo satifiketi yathunthu imafika kunyumba kwake, ndipo kampani nayo imadziwa kuti yatuluka ndipo iyenera kuiona. Pa tebulo la manijala pali mapepala awiri tsopano: satifiketi yonena za mlandu wa 2023, ndi fomu imene munthuyo anasaina ndi dzanja lake kuti alibe mlandu. Manijala ameneyu akutumiza munthu yekhayekha m'nyumba ya gogo amene sakumbukira bwino, muli mankhwala, makadi a ku banki ndi makiyi. Funso lake silikhalanso la mowa wa mu 2023. Likhala loti, munthu amene wandinamiza pa fomu, tsiku limene adzaiwale kupereka mankhwala adzandiuza zoona? Ambiri amachotsa ntchito pomwepo, ndipo lamulo limawalola. Kunama kuti upeze ntchito kukhozanso kukhala mlandu pawokha pansi pa gawo 2 la Fraud Act 2006. Si kawirikawiri kuti zifike ku khoti, koma mlandu wachinyengo pa mbiri ya munthu wofuna kusamalira okalamba ndi wolemera kuposa DR10 kutalitali. Komanso bwana wotsatira akadzafunsa chifukwa chimene munachokera, yankho lidzakhala kusakhulupirika.

Ndiye muulule liti, ndipo motani? Choyamba dziwani zimene zinalembedwa, musadalire chikumbumtima chokha. Mukhoza kupempha mbiri yanu ya ku Police National Computer kudzera ku ACRO, ofesi ya apolisi yosunga mbiri ya milandu, ndipo pempho limeneli ndi laulere. Mukhozanso kudzipemphera nokha basic DBS, imene kuyambira Disembala 2024 mtengo wake ndi £21.50. Onani dzina lenileni la mlandu, tsiku, khoti ndi chilango. Onaninso laisensi yanu pa GOV.UK kuti mutsimikize kuti chizindikirocho ndi DR10, chifukwa pali zina zofanana nacho, monga DR30 ya munthu wokana kupereka mpweya kapena magazi kuti ayezedwe. Zimene mudzanene zifanane ndendende ndi zimene manijala adzawerenge. Munthu akanena kuti anamuletsa miyezi 12 pamene pepala likuti 16, amaoneka ngati akuchepetsa dala, ngakhale kuti iye akunena za nthawi imene inatsala atachita kosi.

Nthawi yabwino ndi pamene akufunsani koyamba, kaya pa fomu kaya pa intavyu. Ngati sanafunse mpaka kukupatsani ntchito, nenani musanadzaze fomu ya DBS. Satifiketi isakhale yoyamba kulankhula. Pa fomu chongani "Yes", ndipo ngati malo ndi ochepa lembani kuti mwaphatikiza kalata yofotokoza. Kalatayo ipite kwa manijala wolemba anthu kapena ku HR, osati kwa aliyense wa pa risepishoni, ndipo musunge kope lanu lokhala ndi tsiku. Mukanena pakamwa, tumizani imelo tsiku lomwelo yobwereza zimene mwanena. Mamanijala amasintha, ndipo amene adzabwere mawa sadzadziwa kuti munaulula ngati palibe cholembedwa. Ngati mukudzera ku ejensi, musaganize kuti mukauza ejensi ndiye kuti kampani yadziwa. Funsani kuti ndani amene auzidwa.

Kalatayo idzakhala m'Chingerezi, koma maganizo ake ndi awa, ndipo isapitirire theka la tsamba. Mwachitsanzo: "Mu Juni 2023 ndinapezeka wolakwa pa mlandu woyendetsa galimoto mowa utapyola muyeso. Ndinavomera mlandu. Ndinalipira chindapusa ndipo ndinaletsedwa kuyendetsa miyezi 16, imene inatsika kufika pa 12 nditamaliza kosi. Palibe amene anavulala, koma ndikudziwa kuti akanatha kuvulala, ndipo cholakwa chinali changa. Ndilibe mlandu wina uliwonse. Kuyambira nthawi imeneyo sindigwira chiwongolero ndikamwa ngakhale pang'ono. Ndagwira ntchito pamalo amodzi mosajomba, ndipo abwana anga akhoza kuchitira umboni." Mulembe zokhazo zimene zili zoona kwa inu. Muphatikize satifiketi ya kosi ija. Anthu amaitaya, koma ndi umboni wabwino.

Pali mawu amene amaononga kalata yabwino. Wina amati "ndinangomwa ziwiri zokha", wina "apolisi amatisaka ife akuda", wina "aliyense amachita, ine ndinangochita tsoka". Mwina mumtima muli ndi dandaulo lenileni la mmene anakugwirirani usiku umenewo, ndipo lili ndi malo ake okalinenera, koma si pa intavyu. Wofunsayo akumvetsera chinthu chimodzi, ngati munthu uyu akuvomereza zimene anachita. Komanso musagwade n'kupepesa kwa mphindi khumi ngati muli pa bwalo la amfumu. Nenani mwachidule, muyankhe zimene afunse, kenako bwererani ku chifukwa chimene mukuyenerera ntchitoyo. Yesererani kunyumba mokweza mawu, chifukwa manyazi amamanga lilime pa nthawi imene mukulifuna.

Popeza ntchito imene mukufuna ndi yoyendera okalamba m'nyumba zawo, nkhani ya galimoto idzabweranso. Mukamagwiritsa ntchito galimoto yanu kuchoka kwa gogo uyu kupita kwa uyo, inshuwalansi yanu iyenera kukhala yolola maulendo a ntchito, ndipo a inshuwalansiwo ayenera kukhala akudziwa za DR10. Mukawabisira, tsiku la ngozi akhoza kukana kukulipirani n'kuthetsa inshuwalansiyo. Makampani ena adzakulolani kuyenda nokha koma osanyamula okalamba m'galimoto. Mukhoza kulinena nokha ganizo limenelo musanafunsidwe. Zimasonyeza kuti mwaliganizira vuto lawo.

Pali funso limene manijala sangalifunse molunjika koma lili m'mutu mwake: kodi bambowa mowa ukuwavutabe? Inunso dzifunseni moona mtima, poti ndinu nokha amene mukudziwa. Lamuloli silinaikidwe pofuna kuzunza alendo. Galimoto ya munthu woledzera imapha ana a eni, ndipo ife a ku Malawi tonse tikudziwa maliro amene anabwera chifukwa cha dalaivala amene anati "ndili bwinobwino". Mashifiti osamalira okalamba amayamba m'mamawa, ndipo thupi limachotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi yuniti imodzi pa ola, pamene painti imodzi ya mowa imakhala ndi mayuniti awiri kapena atatu. Munthu amene wamwa mpaka pakati pa usiku akhoza kukhala atapyolabe muyeso 7 koloko m'mawa, atagona, atasamba, atamwa tiyi. Mukapezekanso wolakwa pasanathe zaka 10, chiletso chimayambira pa zaka 3, ndipo laisensi simuitenganso musanayezedwe ndi dokotala wa DVLA. Pamenepo palibenso kalata imene ingafotokoze kuti zinachitika kamodzi. Ngati mukuona kuti kusiya kukukuvutani, kauzeni GP, dokotala wanu wa m'dera. Thandizo lake ndi laulere.

Za mapepala anu okhalira m'dziko muno simunanene, koma sindingasiye osazitchula. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo ku Home Office, unduna woona za anthu olowa ndi kukhala m'dziko muno, mawu amenewa ndi oona ndithu. Gawo 56A la UK Borders Act 2007 limati chitetezo cha lamulo la 1974 sichigwira ntchito pa nkhani za viza, chilolezo chokhazikika ndi unzika. Pa mafomu amenewo muyenera kutchula mlandu uliwonse, kaya unatha mphamvu kaya unasefedwa, ngakhale patapita zaka 20. Anthu amasokoneza ziwirizi: amamva kuti pakatha zaka 5 akhoza kuyankha "No" kwa bwana, n'kukayankhanso chimodzimodzi pa fomu ya unzika. Home Office imayang'ana m'kaundula wa apolisi womwe uja, ndipo kubisa mlandu pa fomu ndi chifukwa chokwanira chokanira pempho, ngakhale mlandu weniweniwo ukanakhala woti akanaulola. Ndipo ngati viza yanu, kapena imene mukuiyembekezera, yamangiriridwa pa bwana amene akukuthandizani, kuchotsedwa ntchito chifukwa chonama kumatanthauza kuti Home Office idzafupikitsa viza, nthawi zambiri kufika masiku 60, kuti mupeze bwana wina kapena mutuluke. Pa nkhani iyi yokha musadalire malangizo a pa gulu la WhatsApp kapena a m'bale wa ku tchalitchi amene "amadziwa mapepala". Pitani kwa loya kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC.

Ndikudziwanso kuti china chimene chimatseka anthu pakamwa si lamulo koma mantha oti nkhani ifika kwa anthu akwathu. Timadziwana tonse, ndipo mwina amene akulemba anthu ntchito pa ejensiyo mumapemphera naye limodzi. Mbiri ya milandu ndi chinsinsi chotetezedwa mwapadera ndi Data Protection Act 2018. Bwana ayenera kuisunga mosamala n'kuionetsa kwa okhawo amene akupanga chiganizo cholemba ntchito. Akaifalitsa mukhoza kukadandaula ku ofesi ya Information Commissioner. Lamulo lomwelo, pa gawo 184, limaletsa bwana kukukakamizani kuti mukatenge mbiri yanu ya ku ACRO ija n'kumupatsa. Imeneyo ndi yanu yowerenga nokha, iye njira yake ndi DBS. Saloledwanso kupempha enhanced DBS pa ntchito imene siyenera kutero, monga yonyamula katundu, ndipo mukaona zotere muli ndi ufulu wofunsa a DBS asanatulutse satifiketi.

Zonsezi ndi za England ndi Wales. A ku Glasgow ndi Edinburgh adziwe kuti Scotland ili ndi malamulo ake, ofesi yake ya Disclosure Scotland ndi ndondomeko ya PVG yofufuza anthu ogwira ntchito ndi ana ndi akuluakulu osatha kudziteteza, ndipo muyeso wa mowa kumeneko unatsitsidwa mu Disembala 2014 kufika pa mamayikrogalamu 22 mu mpweya. Northern Ireland ili ndi ofesi yake yofufuza mbiri ya milandu, AccessNI. Manesi ali ndi udindo wina wouza bungwe lawo la NMC, ndipo ofuna ntchito ya ulonda adziwe kuti ofesi yopereka malaisensi a alonda, SIA, imafufuza mbiri ya milandu isanapereke laisensi. Bungwe la Unlock limathandiza anthu okhala ndi mbiri ya milandu kwaulere, ndipo lili ndi chowerengera pa intaneti chimene mumalowetsamo tsiku ndi chilango n'kukuuzani tsiku lenileni limene mlandu udzathe mphamvu.

Kodi ena adzakukanani mukaulula? Inde, adzakhalapo, ndipo zidzawawa, makamaka akakukanani osakupatsani mpata wofotokoza. N'chifukwa chake musaike mtima pa fomu imodzi. Kukanakhala kwa ine, ya vani ndikanaisiya kaye mpaka 2028, pokhapokha atakuuzani pa foni kuti inshuwalansi yawo ikulola. Mphamvu ndikanaziika pa ntchito yosamalira anthu, ndipo pambali pa yoyendera m'nyumba ndikanafunsiranso m'nyumba zosungira okalamba, kumene mumagwira shifiti yonse pamalo amodzi ndipo galimoto silowa m'nkhani. Kumeneko mlandu wanu sukhudzana kwenikweni ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, choncho manijala savutika kulemba chifukwa chokulemberani. Mukagwirako chaka mokhulupirika mudzakhala ndi bwana wa m'ntchito yomweyi amene anauona mlanduwo, anakulembani, ndipo akhoza kukuchitirani umboni kwa wotsatira. Satifiketi ya enhanced ikatuluka, ilembetseni pa DBS Update Service pasanathe masiku 30, kuti mukadzasintha ntchito bwana watsopano adzathe kuona kuti palibe chatsopano chimene chawonjezekapo kuyambira tsiku limene inatuluka.